Kodi kuwala kwa infrared kwa ma quasar kumachokera ku fumbi kapena ku jet?

"A katswiri, ndine wophunzira fizikisi wa chaka chomaliza, ndipo ndikulemba pulojekiti yokhudza ma quasar. Ndatenga miyezo ya kuwala kwa quasar ya 3C 273 m'nkhokwe ya miyezo ya zakuthambo ya NED n'kujambula galafu, koma zomwe zatulukazo zandibalalitsa mutu. Mzere ukutsika cha pa 1 micron, kenako ukukweranso cha pa 3 micron, ndipo m'malo ena timadontho tamwazikana ngati ndaphonya masamu. Buku lakale lomwe ndili nalo likuti kuwala kwa infrared kwa ma quasar ndi synchrotron, pomwe zolemba zatsopano zikuti ndi fumbi lotentha. Zoona ndi ziti, nanga ndalakwitsa pati?"

Mtima m'malo, masamu anu ali bwinobwino. Chigwa mukuchiona cha pa 1 micron (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo pano ikuyeza kutalika kwa funde la kuwala) ndi chenicheni, ndipo mutajambula galafu ya ma quasar ena ambirimbiri, ochuluka mwa iwo angakuonetseni chigwa chomwecho pamalo omwewo. Timadontho tomwazikanato natonso tili ndi chifukwa chake, kungoti mwasankha quasar yovuta kuposa zinzake. Quasar ndi pakati powala kwambiri pa mlalang'amba wakutali, ndipo infrared ndi kuwala kosaoneka ndi maso kwa mafunde aatali kuposa kofiira. Mwachidule, pa ma quasar ambiri kuwala kwa infrared kuyambira pa 1 kapena 2 micron kupita m'tsogolo kumachokera ku fumbi lomwe latenthedwa ndi kuwala kochokera pakati pa quasar. Synchrotron, kuwala kwa ma elekitironi othamanga kwambiri, imalamulira pa ma quasar ochepa okha, omwe jet yawo, mtsinje wopyapyala wa gasi wothamanga kuchokera pakati pawo, inaloza kuno. Buku lanulo silinaname ayi, linangolembedwa umboni usanakwane.

Pakati pa quasar pali black hole yolemera kuposa dzuwa maulendo mamiliyoni mazana kapena mabiliyoni. Gasi wogwera m'menemo amazungulira kaye n'kupanga chimbale chotentha madigiri masauzande makumi angapo, ndipo chimbale chimenechi chimawala kwambiri mu ultraviolet. Kuwala kwake kumanka kuchepa mukamapita ku mafunde aatali, kudutsa kobiriwira, kofiira, mpaka kulowa mu infrared. Kutsika komwe mukuona kumanzere kwa chigwa chanu ndi mchira wa chimbale chimenechi. Funso lenileni ndi lakuti chikukweza mzerewo kumanja n'chiyani.

Pomwe Maarten Schmidt anazindikira mu 1963 kuti 3C 273 ili ndi redshift ya 0.158 (muyezo wa kutalikitsidwa kwa mafunde a kuwala kochokera kutali), ma quasar odziwika onse anali opezeka kudzera m'mafunde a wailesi, ndipo mafunde amenewo ndi synchrotron, kuwala komwe ma elekitironi othamanga pafupifupi liwiro la kuwala amatulutsa akamakhotetsedwa ndi mphamvu ya maginito. Frank Low ndi Harold Johnson atayeza 3C 273 mu infrared cha m'ma 1964 ndi 1965 n'kupeza kuti ikuwala kwambiri kumeneko, zinali zosavuta kuganiza kuti ndi synchrotron yomweyo. Miyezo inali yochepa komanso yotalikirana, moti munthu ankatha kudutsitsa mzere umodzi woongoka kuchokera ku infrared mpaka ku X-ray. Maganizo a fumbi analipo kale, poti Martin Rees ndi anzake anawalemba mu 1969 pofotokoza milalang'amba ya Seyfert, yomwe pakati pake pamawala ngati quasar yofooka, koma panalibe zida zoweruzira mlanduwo. Zinthu zinayamba kusintha ndi setilaiti ya IRAS ya mu 1983, yomwe inayeza thambo pa 12, 25, 60 ndi 100 micron. Pofika 1989, David Sanders ndi anzake atasonkhanitsa miyezo ya ma quasar owala a m'kaundula wa Palomar-Green, anapeza chigwa cha pa 1 micron chikubwerezabwereza.

Umboni wamphamvu uli pa chigwa chomwecho. Synchrotron ilibe chifukwa chilichonse choyambira pa 1 micron mu quasar iliyonse, poti mphamvu ya maginito ndi ya ma elekitironi imasiyana kwambiri kuchoka pa quasar ina kupita pa inzake. Fumbi lili nacho chifukwa. Timiyala ta fumbi la m'mlengalenga, tomwe ndi tochepa kuposa micron imodzi, timasanduka gasi tikatentha mopyola muyezo. Ta graphite timapirira mpaka cha m'ma 1,500 K kapena kuposerapo pang'ono, ta silicate timatha msanga kuposa pamenepo. Ndiye fumbi lotentha kuposa apa kulibe, kaya quasar ndi yowala bwanji. Yesani nokha: pa galafu ya νFν (kuwala koyezedwa, Fν, kuchulukitsa ndi frequency ya funde, ν), chinthu chotentha chimawala kwambiri pa funde lomwe mumalipeza pogawa 3,670 ndi kutentha kwake mu Kelvin. Pa 1,500 K mupeza 2.4 micron, pa 1,200 K mupeza pafupifupi 3 micron. Linunda lanu ndi limenelo. Kumanzere kwake kuwala kwa fumbi kumagwa mofulumira, ndipo komwe kugwa kumeneku kukumana ndi mchira wa chimbale n'komwe kumabadwa chigwa. Richard Barvainis anafotokoza zimenezi bwino mu 1987.

Umboni wachiwiri ndi umene ine ndimauona wogwira mtima kwambiri, chifukwa umapereka mtunda weniweni. Munthu akafuula pafupi ndi phiri, mawu ake amabwerera patapita kanthawi, ndipo kanthawi kameneko kamamuuza mtunda wofika paphiripo. Chimbale chikawala mwadzidzidzi, kuwalako kumatenga nthawi kuti kufike pa fumbi, ndiye infrared imakwera mochedwa. Mu 1989 Clavel, Wamsteker ndi Glass anaonetsa zimenezi pa Fairall 9, womwe ndi mlalang'amba wa Seyfert wowala kwambiri: kuwala kwa pa 2.2 micron kunkatsatira kwa ultraviolet patapita masiku pafupifupi 400. Pa NGC 4151, yomwe siwala kwambiri choncho, kuchedwako kunapezeka kuti ndi masiku pafupifupi 50. Miyezo ya zinthu zambiri yaonetsa kuti gwero likawala mowirikiza ka 100, kuchedwa kumawirikiza ka 10. Izi n'zomwe fumbi liyenera kuchita, chifukwa kutentha komwe limalandira kumachepa ka 4 mtunda ukawirikiza kawiri. Pa quasar yotulutsa 10^39 watts mu ultraviolet, masamu a Barvainis amaika malire a fumbi cha pa parsec 1.3, zomwe ndi mtunda womwe kuwala kumayenda pa zaka 4 ndi kanthu. Miyezo yeniyeni imapereka mtunda wochepa kawiri kapena katatu kuposa apa, ndipo ambiri amati n'chifukwa chakuti timiyala totsala pafupi ndi moto ndi tokulirapo, tomwe timatulutsa kutentha msanga n'kupirira.

Pali maumboni enanso atatu omwe mungawatchule m'pulojekiti yanu. Woyamba uli kumapeto ena a galafu, kupitirira 100 micron kulowera ku mafunde a milimita, komwe kuwala kumagwanso. Gwero limodzi la synchrotron lomwe likumeza kuwala kwake lomwe silingagwe motsetsereka kuposa ν^2.5. Fumbi limagwa pakati pa ν^3 ndi ν^4. Miyezo ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 inapeza ma quasar opanda wailesi yamphamvu akugwa motsetsereka kuposa malire a synchrotron aja. Wachiwiri ndi wa mu 2005, pomwe telesikopu ya Spitzer inaona silicate ikuwala pa 10 ndi 18 micron mu spectrum ya ma quasar, yomwe ndi kuwala kogawidwa funde ndi funde. Ma elekitironi sangajambule chidindo cha miyala, ameneyo ndi mwala basi. Wachitatu ndi polarization, kutanthauza kuti mafunde a kuwala akugwedezekera mbali imodzi. Synchrotron imakhala nayo yambiri, mwina magawo makumi angapo pa 100 alionse mu ma blazar, omwe jet yawo inatiloza mwachindunji, pomwe quasar wamba sifika ngakhale gawo limodzi kapena awiri. Makoto Kishimoto ndi anzake anagwiritsa ntchito kachidutswa kochepako mu 2008: atatenga kuwala kokhala ndi polarization kokha, komwe kunamwazikira mkati mwa malire a fumbi, linunda linazimiririka ndipo mchira wa chimbale unaoneka ukupitirira pansi pake mpaka cha pa 2 micron.

Tsopano 3C 273 yanu ija. Pafupifupi quasar imodzi pa 10 iliyonse ili ndi wailesi yamphamvu, ndipo 3C 273 ndi imodzi mwa zimenezo. Jet yake inaloza pafupi ndi komwe tili, ndiye kuwala kwake kumakulitsidwa chifukwa cha liwiro. Mu infrared muli zonse ziwiri pamodzi, fumbi lomwe limasintha pang'onopang'ono ndi synchrotron yomwe imalumpha. Mu 1983 inawala mwadzidzidzi kuyambira ku milimita mpaka ku infrared, ndipo mu 1988 inkasintha pa tsiku limodzi lokha, zomwe fumbi lotambalala mtunda wa zaka za kuwala silingachite. Mu 1986 zinatembenuka: synchrotron inatsika kwambiri, ndipo Ian Robson ndi anzake anaona linunda la pafupi ndi 3 micron litangokhala chilili, osasuntha. Nkhokwe ya NED imasunga miyezo ya zaka zonsezi pamodzi. Mukaika miyezo ya 1983, ya 1986 ndi ya zaka za posachedwapa pa galafu imodzi, timadontho timwazikana basi. Patsani chaka chilichonse mtundu wakewake ndipo muona kuti kumwazikanako n'kwakukulu ku mafunde aatali a infrared ndi ku milimita, koma n'kochepa pa linunda. Chimenecho pachokha ndi chotsatira chabwino cholemba.

Kupitirira 30 micron nkhani imavutako, ngakhale pa quasar yopanda jet. Palibe akukana kuti ndi fumbi, koma walitenthetsa ndani? Fumbi la 300 K limawala kwambiri cha pa 12 micron, ndipo limeneli ndi la quasar mosakayika. Fumbi la 40 K limawala cha pa 90 micron, ndipo lili kutali, mtunda wa zaka za kuwala mazana kapena masauzande, komwe nyenyezi zongobadwa kumene nazonso zimatenthetsa fumbi. Telesikopu ya Herschel, yomwe inagwira ntchito kuyambira 2009 mpaka 2013, inayeza ma quasar ambiri kuyambira 70 mpaka 500 micron, ndipo ofufuza ambiri amati gawo lalikulu la kuwala kumeneku n'la nyenyezi. Ena amatsutsa, amati pa ma quasar owala kwambiri quasar yomweyo ndi imene imatenthetsa fumbi la mlalang'amba wonse. Chothandiza ndi mizere ya mamolekyu a kaboni otchedwa PAH pa 6.2, 7.7 ndi 11.3 micron, yomwe imaoneka komwe nyenyezi zikubadwa. Ngati mulibe spectrum yoteroyo, musalembe chiwerengero cha nyenyezi zobadwa pachaka kuchokera pa kadontho kamodzi ka 60 micron. Ambiri amagwera pamenepa.

Za maonekedwe a fumbilo, mabuku amajambula mkombero wonenepa wozungulira chimbale, wotchedwa torus. Chithunzichi chinakhazikika Antonucci ndi Miller atapeza mu 1985 kuti NGC 1068 ili ndi pakati powala pobisika kuseri kwa chinthu chotchinga. Chikugwirabe ntchito, koma musachitenge ngati chosema. Ma telesikopu a VLTI ku Chile, omwe amaphatikiza kuwala kwa magalasi angapo, apeza kuti pa milalang'amba yapafupi monga Circinus ndi NGC 3783 kuwala kochuluka kwa pa 10 micron kukuchokera pamwamba ndi pansi pa chimbale, ngati fumbi lomwe likuulutsidwa, osati m'mbali mokha. Zida zomwezi, kudzera mu chipangizo chotchedwa GRAVITY, zinayeza mu 2018 gasi wozungulira pakati pa 3C 273 pogwiritsa ntchito mzere wa haidrojeni wotchedwa Paschen alpha, womwe redshift imausunthira kuchoka pa 1.875 kufika pa 2.17 micron, ndipo zinapeza black hole yolemera pafupifupi madzuwa 300 miliyoni.

Tibwere ku galafu yanu, chifukwa pali malo angapo omwe zinthu zimasokonekera. Choyamba, gawani funde lililonse ndi 1 + z, pomwe z ndi redshift, musanayerekeze ma quasar awiri. Pa 3C 273 kusiyana kwake n'kochepa, koma pa quasar ya z = 2 chigwa chimaonekera pa 3 micron, ndipo fyuluta ya K ya pa 2.2 micron ikuona kuwala komwe kunanyamuka kuli 0.73 micron, komwe ndi kwa chimbale, osati kwa fumbi. Jambulani νFν, osati Fν yokha, ndipo mbali zonse ziwiri zikhale za logarithm, kuti kutalika kwa mzere kuonetse komwe mphamvu ili.

Chachiwiri ndi ma magnitude, manambala omwe a zakuthambo amayezera kuwala. Miyezo ya kafukufuku wa thambo wa 2MASS ndi ya setilaiti ya WISE ili pa muyezo wa Vega, pomwe ya kafukufuku wa SDSS ili pa muyezo wina wotchedwa AB. Kuti Vega isanduke AB, onjezerani pafupifupi 1.85 pa K, 2.70 pa W1 ndi 3.34 pa W2, omwe ndi mafyuluta a WISE. Mukaiwala pa W1, kuwalako mwakuphonya ka 12, ndipo galafu ipanga phiri kapena dzenje lomwe kumwambako kulibe. Mukaona kudumpha kwadzidzidzi pomwe miyezo ya gulu lina ikuthera n'kuyamba ya gulu lina, kayikirani izi kaye musanakayikire chilengedwe.

Chachitatu ndi nyenyezi za mlalang'amba womwe quasar ikukhalamo. Nyenyezi zokalamba zimawala kwambiri cha pa 1.6 micron, m'mbali mwenimweni mwa chigwa, ndiye zimachikwirira. Pa quasar yowala ngati 3C 273 vutoli ndi laling'ono, koma pa yofooka chigwa chimatha kusoweratu. Kuchuluka kwa nyenyezi zolowerera kumadalira kukula kwa dera lomwe chida chinayeza. WISE imaona ma arcsecond pafupifupi 6 (arcsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 3,600 a digiri ya pathambo) ngati kadontho kamodzi pa 3.4 micron, ndi 12 pa 22 micron. Herschel pa 500 micron imafika 36, ndipo IRAS inali ya ma arcminute (iliyonse ndi ma arcsecond 60), moti mlalang'amba wina woyandikana nawo umatha kulowa m'muyezo. Onaninso mizere ya gasi. Pa z pafupifupi 2.3 mzere wa H-alpha umagwera pakati pa K n'kukweza kadonthoko. Ndipo muyezo womwe walembedwa kuti ndi malire apamwamba chabe, pomwe chida sichinaone kanthu, muujambule ndi kamuvi koloza pansi, musauphatikize ndi miyezo yeniyeni.

Miyezo yakale yotengedwa pansi pano pa 10 ndi 20 micron muisamalire. Nthunzi ya madzi ndi carbon dioxide zimameza infrared, n'kusiya timipata tochepa: J pa 1.25, H pa 1.65, K pa 2.2, L cha pa 3.5, M cha pa 4.8, N pa 10 ndi Q pa 20 micron. N'chifukwa chake ma telesikopu a infrared amamangidwa pamapiri ouma ngati Mauna Kea, mamita 4,200 kuchokera panyanja. Choipa china n'chakuti telesikopu yomweyo ndi mpweya, pokhala pa 270 kapena 280 K, zimawala kwambiri cha pa 10 micron pomwepo, kuposa quasar kutalitali. Oyeza amagwedeza galasi laling'ono kangapo pa sekondi pakati pa quasar ndi thambo lopanda kanthu, kenako n'kusuntha telesikopu yonse, kuti achotsere kuwala kwa kumbuyoko. Mitambo yopyapyala ikangodutsa, kuchotserako kumasiya zotsalira. Pomwe pali muyezo wa Spitzer, WISE kapena JWST pa funde lomwelo, dalirani umenewo.

Mukakonza zonsezi, yesani kuphatikiza magawo atatu pakati pa 0.3 ndi 5 micron: mzere wotsika wa chimbale, kuwala kwa chinthu chotentha komwe kutentha kwake mukusiye komasuka pakati pa 1,000 ndi 1,800 K, ndi spectrum ya nyenyezi zokalamba. Pa quasar wamba kutenthako kumatuluka pakati pa 1,100 ndi 1,500 K. Kukatuluka 2,500 K, si fumbi limenelo, mwina nyenyezi mwazichepetsa kapena synchrotron yalowerera. Powerengera mphamvu yonse ya quasar, kumbukirani kuti infrared, yomwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dera la pansi pa mzere wanu, ndi ultraviolet yomwe fumbi linameza n'kutulutsanso. Mukaphatikiza zonse ziwiri pa quasar yomwe pakati pake mukupaona bwino, mphamvu imeneyo mwaiwerenga kawiri. Chomwe infrared ikukuuzani n'chakuti fumbi laphimba gawo lalikulu bwanji la thambo lozungulira chimbale.

Langizo langa n'lakuti 3C 273 isakhale yokha m'pulojekitiyi. Tengani ma quasar 10 kapena 15 a Palomar-Green opanda wailesi yamphamvu, a redshift yosafika 0.5, omwe ali ndi miyezo ya 2MASS ndi WISE. Onjezerani blazar imodzi yodziwika monga 3C 279, yomwe mzere wake umadutsa mu infrared mosalala popanda chigwa choonekera. Mukaika 3C 273 pakati pa magulu awiriwa, funso lomwe mwandifunsali liyankhidwa ndi galafu yanu yomwe. Ngati mukufuna kusankha ma quasar ena kudzera mu WISE, lamulo la Daniel Stern ndi anzake la mu 2012 limati W1 kuchotsa W2 ikhale 0.8 kapena kuposerapo pa muyezo wa Vega. Limagwira bwino chifukwa cha linunda lomweli, koma limayamba kuphonya redshift ikapitirira 3, ndipo limakokeranso ma brown dwarf ozizira, omwe ndi zinthu zochepa kwambiri moti sizinakwanitse kukhala nyenyezi.

Pali malo omwe simuyenera kulimbana nawo nokha. Ngati mukufuna kuyeza kuchedwa kwa infrared kuchokera m'miyezo ya WISE, yomwe inkabwerera pamalo amodzi miyezi 6 iliyonse, pitani kwa aphunzitsi okuyang'anirani, chifukwa mipata yofananafanana yoteroyo imatulutsa kuchedwa kwabodza mosavuta. Chimodzimodzi ngati mukufuna kuchotsa kuwala kwa quasar pa chithunzi kuti muone mlalang'amba wake, poti kulakwitsa pang'ono pa maonekedwe a kadontho ka nyenyezi kumasiya mkombero womwe umaoneka ngati mlalang'amba. Mukapeza quasar yopanda linunda, yambani mwabwereza redshift, ma magnitude ndi tsiku la muyezo uliwonse. Ikakhalabe choncho, ionetseni kwa wodziwa ntchito ya infrared, chifukwa ma quasar osowa fumbi lotentha alipo ndithu, ndipo Linhua Jiang ndi anzake anapeza awiri a redshift pafupifupi 6 mu 2010. Pa mafunso okhudza miyezo yeniyeniyo, monga zizindikiro zosonyeza kuti kadontho kaipitsidwa ndi nyenyezi yowala yoyandikana nayo, lemberani a nkhokwe ya IRSA, omwe amasunga miyezo ya IRAS, 2MASS, Spitzer ndi WISE, ndipo powalembera tchulani dzina la quasar, malo ake pathambo ndi tebulo lomwe mwatengamo manambala.